Gerhard Domagk, dokotala amene adapeza mankhwala mu utoto wofiira

Kumayambiriro kwa mwezi wa Disembala 1935, mumzinda wa Wuppertal m'dziko la Germany, mwana wamkazi wa zaka 6, dzina lake Hildegard, adalasidwa ndi singano padzanja. Bala lake lidali laling'ono, losayenera kudetsa nkhawa munthu. Koma patangopita masiku ochepa dzanjalo lidatupa, mafinya adayamba kukwera mkono ndipo thupi la mwanayo lidatentha kwambiri. Madokotala a nthawi imeneyo ankadziwa bwino tanthauzo la zizindikirozi: tizilombo totchedwa streptococcus tidali titalowa m'thupi, ndipo chimene chidatsala chidali kudula mkonowo kuti mwina moyo upulumuke.

Bambo ake a mwanayo, Gerhard Domagk, adali dokotala wofufuza za mankhwala. Iye adakana zodula mkono ndipo adayamba kumupatsa mankhwala ofiira amene adali atawayesa yekha pa mbewa zaka zitatu m'mbuyomo. Kutentha kwa thupi kudatsika, mwanayo adachira, mkono wake uli wathunthu.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati kuti Hildegard ndiye adali munthu woyamba kumwa mankhwalawo. Si choncho ayi. Pofika nthawiyi madokotala a zipatala zingapo za m'Germany adali atawapereka kale kwa odwala, ndipo adali akugulitsidwa pansi pa dzina loti Prontosil. Chimene nkhani ya mwanayu imaonetsa n'chakuti, pasanatulukire mankhwala amenewa, ngakhale mwana wa dokotala wophunzira bwino akadatha kufa ndi bala la singano yosokera.

Domagk adabadwa pa 30 Okutobala 1895 ku Lagow, kamudzi ka m'chigawo cha Brandenburg kamene lero kali m'dziko la Poland. Bambo ake adali mphunzitsi. M'chaka cha 1914 adalowa sukulu yaukachenjede ya Kiel kuti aphunzire zaudokotala, koma asanafike patali Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idabuka ndipo adalembetsa usilikali pamodzi ndi anzake. Adavulala mu Disembala chaka chomwecho. Atachira adamutumiza kukathandiza m'zipatala za asilikali, kuphatikizapo za odwala kolera chakum'mawa kwa Ulaya.

Zimene adaona kumeneko ndizo zidamutsata moyo wake wonse. Dokotala wa opaleshoni ankatha kugwira ntchito yake mwaluso, kuchotsa chipolopolo ndi kusoka bala bwinobwino, koma pakapita masiku angapo balalo linkayamba kununkha, mnofu n'kuda, mpweya woipa n'kumatuluka pansi pa khungu. Ankadula mwendo, kuwolako kukapitirira, ankadulanso chapamwamba. Nthawi zambiri msilikali ankamwalirabe. Madokotala adali ndi mankhwala otsukira mabala kunja, koma tizilombo tikangolowa m'kati mwa thupi ankangokhala manja lende.

Nkhondo itatha adabwerera ku Kiel n'kumaliza maphunziro mu 1921. Adagwira ntchito yofufuza matenda ku Greifswald, kenako ku Münster, ndipo mu 1925 adakwatira Gertrud Strübe, amene adabereka naye ana aamuna atatu ndi wamkazi mmodzi. Mu 1927 Heinrich Hörlein, mkulu wa kafukufuku wa mankhwala ku Bayer, yomwe panthawiyo idali nthambi ya kampani yaikulu ya IG Farben, adamuitana kuti akatsogolere labotale yatsopano ku Elberfeld.

Kampaniyi idali katswiri pa kupanga utoto wa nsalu, ndipo ganizo limene ankatsatira lidachokera kwa Paul Ehrlich, yemwe mu 1910 adatulutsa Salvarsan, mankhwala a chindoko. Ehrlich adaona kuti utoto wina umamatirira tizilombo n'kusiya ziwalo za thupi, ndipo adaganiza kuti utoto woterowo ungathe kunyamula poizoni n'kukapha kachilombo kokhako. Njirayi idathandiza pa chindoko, pa kaodzera ndi pa malungo. Koma pa mabakiteriya amene ankapha anthu tsiku ndi tsiku, a chibayo, a mabala ndi a amayi ongobereka kumene, idakanika kwa zaka zoposa 20, mpaka akatswiri ambiri adataya mtima.

Ntchito ya ku Elberfeld idali yotopetsa. Akatswiri awiri osakaniza mankhwala, Josef Klarer ndi Fritz Mietzsch, ankapanga mitundu yatsopano ya utoto, n'kumaitumiza kwa Domagk umodziumodzi. Iye adasankha mtundu woopsa kwambiri wa streptococcus, umene unkapha mbewa iliyonse yobayidwa nawo, ndipo ankayesa mankhwala alionse pa mbewazo, kuzing'amba zikafa ndi kulemba zonse zimene waona. Mitundu mazanamazana idayesedwa popanda phindu.

Apa m'pamene pali nzeru yeniyeni ya Domagk. Ofufuza ambiri ankayamba ayesa mankhwala pa tizilombo tokulira m'mbale zagalasi. Akaona kuti tizilomboto sitikufa, ankawataya mankhwalawo. Domagk sankakhulupirira mbale yokha. Ankaumirira kuti chilichonse chiyesedwenso m'thupi la nyama yamoyo, ngakhale kuti njirayi idali yodula ndi yochedwa. Mu Disembala 1932 adabaya mbewa 26 ndi tizilombo tija. Mbewa 12 adazipatsa utoto wofiira umene Klarer adali atalumikizako kachigawo kokhala ndi sulufule, ndipo 14 adazisiya. Zosiyidwazo zidafa zonse m'masiku ochepa. Zopatsidwa utoto zidakhala moyo zonse. Utoto womwewo ukathiridwa pa tizilombo m'mbale yagalasi sunkachita chilichonse. Wofufuza wina akadautaya tsiku loyamba lomwe.

Kampani idapempha chilolezo cha umwini wa mankhwalawo pa 25 Disembala 1932, kenako idakhala chete zaka ziwiri uku madokotala ochepa akuwayesa pa odwala. Lipoti la Domagk lidatuluka mu Febuluwale 1935 m'magazini ya zachipatala ya Deutsche Medizinische Wochenschrift. Kuchedwa kumeneku n'kovuta kukuikira kumbuyo, chifukwa m'zaka ziwirizo anthu osawerengeka adapita kumanda ndi matenda amene mankhwala ake adali atapezeka kale.

Chisangalalo cha eni kampani sichidakhalitse. Chisanathe chaka cha 1935, gulu la ofufuza a ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, Jacques ndi Thérèse Tréfouël, Daniel Bovet ndi Federico Nitti, lidaulula chinsinsi cha mbale yagalasi ija. Prontosil akalowa m'thupi amaduka pawiri. Chigawo chofiira, chimene chinkafiiritsa khungu la odwala, sichichiza kanthu. Chochiza ndi chigawo chopanda mtundu chotchedwa sulfanilamide. Ndipo chimenechi chidali chitapangidwa kale mu 1908 ndi Paul Gelmo ku Vienna, kotero kuti padalibe amene akadaletsa wina kuchipanga. Ganizo la utoto, limene lidatsogolera ntchito yonseyi, lidali lolakwika, koma lidawafikitsa pakhomo loyenera. Mu 1940 Donald Woods ndi Paul Fildes a ku London adafotokoza mmene mankhwalawa amagwirira ntchito: amafanana ndi kachakudya kamene mabakiteriya amafuna kuti apange folate, ndipo akameza chonyengacho amaleka kuswana, thupi n'kupeza mpata wowagonjetsa. Munthu savutika chifukwa folate wake amamupeza m'zakudya.

Umboni umene udakhutiritsa madokotala udachokera ku chipatala cha amayi cha Queen Charlotte's ku London. Kumeneko Leonard Colebrook adali atatha zaka zambiri akulimbana ndi matenda otentha thupi amene ankagwira amayi masiku ochepa atabereka. Mwa amayi anayi alionse ogonekedwa ndi streptococcus, pafupifupi mmodzi ankasiya khanda padzuwa. Mu 1936 Colebrook ndi mnzake Méave Kenny adapereka Prontosil kwa amayi 38, ndipo adamwalira atatu okha. Chochititsa chidwi n'chakuti Colebrook sadathamangire kuimba lipenga. Adachenjeza kuti kuyerekeza odwala a chaka chino ndi a zaka zam'mbuyo kungasocheretse, popeza n'kutheka kuti tizilomboto tidangofooka tokha. Adapitiriza ndi amayi ena 26, ndipo palibe amene adamwalira. Funso limene iye adadzutsa, la mmene tingadziwire kuti wachiza wodwala ndi mankhwala osati mwayi, lidadzayankhidwa bwino mu 1948, pamene bungwe la Medical Research Council ku Britain lidayesa streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu powagawa m'magulu awiri mwa maere.

Mbiri ya mankhwalawa idawanda ku America mu Disembala 1936 atachiritsa mwana wa Pulezidenti Franklin Roosevelt ku Boston. Makampani adayamba kupanga sulfanilamide mwaliwiro, ena mosasamala. Mu 1937 kampani ya S. E. Massengill idasungunula mankhwalawa mu diethylene glycol kuti akhale amadzi otsekemera, osayesa n'komwe pa nyama. Anthu oposa 100 adafa, kuphatikizapo ana. Chaka chotsatira America idakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kuonetsa kuti mankhwala ngosaopsa asanawagulitse. Ku Britain kudatuluka M&B 693, mbale wake wa sulfanilamide, ndipo mankhwala a m'banja lomweli ndiwo adachiza chibayo cha Winston Churchill ku Tunisia mu Disembala 1943.

Mu Okutobala 1939, nkhondo yachiwiri itangoyamba, Domagk adasankhidwa kuti alandire mphotho ya Nobel ya zamankhwala. Koma Adolf Hitler adali ataletsa nzika za Germany kulandira mphothozi, atakwiya kuti ya mtendere idaperekedwa kwa Carl von Ossietzky, mtolankhani amene boma lake lidamutsekera. Domagk adalemba kalata yaulemu yothokoza ku Stockholm. Mu Novembala apolisi achinsinsi a Gestapo adafika kunyumba kwake, adamutenga n'kumusunga m'chitokosi sabata yathunthu. Atatuluka adamusainitsa kalata, yolembedwa ndi ena, yokana mphothoyo. Mendulo ndi chikalata chake adakazilandira mu 1947, koma ndalama sadaione, chifukwa malinga ndi malamulo idali itabwerera kale m'thumba la bungwelo.

M'zaka za nkhondo adabwerera ku mdani wake wakale, kuwola kwa mabala a asilikali, ndipo pamodzi ndi Klarer adatulutsa Marfanil. Koma mbiri ya mankhwala ake m'zaka zimenezi ili ndi chipsera chimene sichingabisike. Reinhard Heydrich, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Nazi, atamwalira ndi mabala ku Prague mu Juni 1942, dokotala Karl Gebhardt adadzudzulidwa kuti sadamupatse mankhwala a sulfa. Pofuna kudziyeretsa, Gebhardt adatenga akaidi aakazi a ku ndende ya Ravensbrück, ambiri ochokera ku Poland, n'kumawacheka miyendo, kuikamo tizilombo, tizidutswa ta mitengo ndi magalasi, kuti aone ngati mankhwalawo amathandiza. Ena adafa, ena adalumala moyo wonse. Gebhardt adaweruzidwa ku Nuremberg ndipo adanyongedwa mu 1948. Pamlandu womwewo padatuluka mfundo imene lero ndi maziko a kafukufuku aliyense wa zachipatala, yoti munthu asayesedwe mankhwala popanda kuvomera mwa kufuna kwake. Domagk sadali m'gulu la oimbidwa mlandu. Bwana wake Hörlein adazengedwa pamlandu wa akuluakulu a IG Farben ndipo adamasulidwa.

Nkhondo ikutha, penicillin adali atalanda kale malo, ndipo mabakiteriya ena, makamaka a chinzonono, adali atayamba kupirira mankhwala a sulfa chifukwa chogwiritsidwa ntchito mwachisawawa. Domagk adatembenukira ku chifuwa chachikulu. Labotale yake idapeza thiacetazone, ndipo mu 1952 Bayer idali imodzi mwa makampani atatu amene, aliyense payekha, adafika pa isoniazid, mankhwala amene mpaka lero ndi msana wa chithandizo cha TB. Thiacetazone, pokhala wotsika mtengo, adagwiritsidwa ntchito zaka zambiri m'maiko a mu Africa, Malawi ndi Zambia omwe. Adasiyidwa m'ma 1990 kafukufuku wa ku Nairobi ndi ku Lusaka ataonetsa kuti amasupula khungu, nthawi zina mpaka kupha, anthu amene ali ndi HIV.

Mbadwa zina za utoto wofiira uja zikadali m'zipatala za kuno. Fansida, amene Malawi idamusankha mu 1993 m'malo mwa kolorokwini, kukhala dziko loyamba mu Africa kutero, ali ndi sulfa m'kati mwake. Adalowedwa m'malo ndi LA mu 2007, koma amayi oyembekezera amamumwabe kusikelo. Bakitirimu nayenso ngwa banja lomweli. Kafukufuku amene Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake adachita ku Lusaka pa ana oposa 500 okhala ndi HIV, wofalitsidwa mu 2004, adapeza kuti kumwa bakitirimu tsiku lililonse kudachepetsa imfa ndi 43 pa 100 alionse.

Zaka zake zomaliza Domagk adazithera pa kufufuza mankhwala a khansa, ntchito imene sidabale zipatso zofanana ndi zoyambazo. Mu 1959 bungwe la Royal Society la ku London lidamusankha kukhala membala wake wakunja. Adamwalira ndi matenda a mtima pa 24 Epulo 1964 ku Burgberg, kufupi ndi Königsfeld m'nkhalango ya Schwarzwald, ali ndi zaka 68.