William Miller ndi Malire a Nzeru za Munthu

Tikamva dzina la William Miller timakumbukira msanga chaka cha 1844, naiwalika mbiri yakuti kwa zaka 12 munthu ameneyu sankakhulupirira Baibulo. Anabadwa mu 1782 ku Pittsfield, m'dziko la America, naleredwa ndi mai wopemphera wa mpingo wa Baptist. Atakwatira Lucy Smith mu 1803 anakakhala ku Poultney, kumene anawerenga mabuku a Voltaire, Hume ndi Thomas Paine. Mabukuwo anamphunzitsa kuti Mulungu analenga dziko nalisiya liziyenda lokha, ndi kuti chinthu chosatsimikizika ndi nzeru za munthu sichiyenera kukhulupiridwa.

Miller sanatembenuke mtima chifukwa chogonja pa mtsutso. Pa nkhondo ya ku Plattsburgh mu 1814, ali mkulu wa asilikali, anaona gulu lao lochepa likugonjetsa Angerezi ochuluka, ndipo bomba linaphulika pafupi naye koma osamvulaza. Kuyambira pamenepo nkhani ya imfa inamsowetsa mtendere. Mu 1816, pamene ankawerengera mpingo ulaliki wonena za udindo wa makolo, anagwidwa mtima nalephera kumaliza. Anzake akale anamponyera mafunso omwe aja amene iye ankazunguza nao Akhristu. Mabuku anawerenga amodzimodzi, nzeru sanasiyane, koma iwo sanapyole m'zimene iye anapyolamo.

Pofuna kuwayankha, anatha zaka ziwiri akusanthula Malemba vesi ndi vesi, mothandizidwa ndi buku la Cruden lolondolera mau a m'Baibulo. Mu 1818, powerengera masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 kuchokera mu 457 B.C., anapeza kuti Yesu adzabwera cha m'ma 1843. Sanathamangire kulalikira, anadikira mpaka 1831. Sitingamnene kuti anali waphuma. Komabe analowa m'phunzirolo ataganiza kale, monga ambiri a m'masiku ake, kuti malo opatulika otchulidwa m'vesilo ndi dziko lapansi. Ganizo limenelo ndi limene sanaliyese.

Tsiku la 22 Okotobala 1844, limene analengeza Samuel Snow ndipo Miller analivomera mochedwa, linadutsa Yesu osabwera. Apa anthu okonda Mulungu mmodzi, ogwira Baibulo limodzi, anagawikana. Ena anataya chikhulupiriro. Miller anavomereza poyera kuti analakwa pa nthawi, napitiriza kudikira. Hiram Edson ndi anzake anati nthawi inali yolondola, koma chochitikacho chinali cha m'kachisi wa kumwamba. Ife tinachokera kwa otsirizawa, ndipo nkoyenera kuti tinene zoona: Miller sanavomereze chiphunzitso chimenechi, ngakhalenso Sabata la tsiku lachisanu ndi chiwiri. Kodi tingamuyese wouma mtima, kapena wosawerenga?

Anamwalira pa 20 Disembala 1849 ku Low Hampton, maso atachita khungu, akudikirabe Mbuye wake.