Aristides de Sousa Mendes, kazembe amene adakana lamulo la Salazar

Aristides de Sousa Mendes adabadwa pa 19 July 1885 ku Cabanas de Viriato m'dziko la Portugal. Atamaliza maphunziro a zamalamulo ku yunivesite ya Coimbra, adagwira ntchito yaukazembe ku Zanzibar, Brazil, United States ndi Belgium, ndipo mu 1938 adatumizidwa ku Bordeaux m'dziko la France.

Panthawiyo António Salazar, yemwe ulamuliro wake unkafikanso ku Mozambique ndi Angola, adali atawagwira kale pakhosi ogwira ntchito m'boma. Lamulo la 1935 lidapatsa boma mphamvu yochotsa ntchito aliyense woganiziridwa kuti akutsutsana nalo, ndipo kuyambira 1936 wolowa ntchito m'boma ankayenera kulumbira kuti akukana chikomyunizimu. Salazar adadzitengeranso unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Pa 11 November 1939 undunawo udatumiza chikalata cha nambala 14, choletsa akazembe kupereka ziphaso zolowera ku Portugal kwa Ayuda opirikitsidwa kwawo ndi anthu opanda dziko, pokhapokha akuluakulu ku Lisbon atavomereza.

Mu June 1940 asilikali a Germany atalanda Paris, anthu othawa nkhondo adakhamukira ku Bordeaux. Mtsogoleri wina wa chipembedzo cha Chiyuda, Chaim Kruger, adakana kulandira chiphaso cha banja lake lokha pamene anzake adali m'misewu. Zimenezi zidamusowetsa mtendere Sousa Mendes, moti adabindikira m'chipinda kwa masiku angapo. Atatuluka pa 17 June adayamba kusainira aliyense, osafunsa mtundu kapena chipembedzo, ndipo adapitiriza ntchitoyi ku Bayonne ndi ku Hendaye, m'malire a dziko la Spain. Anthu masauzande ambiri adapulumuka ndi chidindo cha boma lomwelo limene linkawakana.

Boma lidamuitanitsa kwawo n'kumuimba mlandu wa kusamvera. Mu October 1940 Salazar adalamula kuti akhale chaka osagwira ntchito, akulandira theka la malipiro, kenako apumitsidwe mokakamiza. Nkhondo itatha, boma lomwelo linkanyadira kuti Portugal idasunga othawa nkhondo, koma kazembeyo silidamukhululukire. Adamwalira ali wosauka ku Lisbon pa 3 April 1954.

Bungwe la Yad Vashem ku Israel lidamulemekeza mu 1966. Nyumba ya malamulo ya Portugal idamuchotsera mlanduwo mu 1988, ndipo mu 2021 dzina lake lidaikidwa m'nyumba yokumbukiramo ngwazi za dzikolo ku Lisbon.