José Raúl Capablanca

José Raúl Capablanca y Graupera (19 Novembala 1888 – 8 Malichi 1942) anali katswiri wa masewera a chess wochokera ku Cuba. Anali munthu wachitatu kukhala ngwazi ya dziko lonse pa masewerawa, pambuyo pa Wilhelm Steinitz ndi Emanuel Lasker, ndipo anakhala pampandowo kuyambira 1921 mpaka 1927. Amakumbukiridwa chifukwa choona msanga zoyenera kuchita pabolodi, kulakwitsa mwa apo ndi apo, komanso luso lake pa mathero a gemu. Mabuku amamutchula kuti grandmaster, ngakhale bungwe la FIDE, lomwe limayendetsa masewerawa padziko lonse, linayamba kupereka dzinali mwalamulo mu 1950, iye atamwalira kale.

Ubwana ndi maphunziro

Capablanca anabadwira mumzinda wa Havana pa nthawi yomwe Cuba inkalamulidwa ndi dziko la Spain. Bambo ake, a José María Capablanca, anali mkulu wa asilikali. Malingana ndi zomwe iye mwini ankafotokoza, anaphunzira chess ali ndi zaka zinayi pongoonerera bambo akewo akusewera ndi mnzawo, ndipo tsiku lina anawadzudzula kuti ayendetsa kavalo mosemphana ndi malamulo. Kumapeto kwa 1901, ali ndi zaka pafupifupi 13, anakumana ndi Juan Corzo, yemwe anali katswiri wa Cuba, ndipo anamuposa: anapambana magemu anayi, anagonja atatu, nalepherana asanu ndi limodzi.

Kenaka anapita kukaphunzira ku United States ndipo analowa ku Columbia University mumzinda wa New York. Sukuluyo sanaimalize. Mtima wake unali pa baseball ndi ku Manhattan Chess Club, komwe anatchuka ndi magemu othamanga, oganiza kanthawi kochepa. Mu 1906 anapambana mpikisano wa magemu oterewa womwe munalinso Lasker, ngwazi ya dziko lonse pa nthawiyo.

Kukwera kwake

Mu 1909 anasewera ndi Frank Marshall, katswiri wa United States, ndipo zotsatira zake zinadabwitsa anthu: Capablanca anapambana magemu asanu ndi atatu, anagonja imodzi yokha, ndipo 14 analepherana. Marshall yemweyo ndiye anamuchonderera malo pa mpikisano waukulu wa ku San Sebastián ku Spain mu 1911. Akatswiri ena, monga Ossip Bernstein ndi Aron Nimzowitsch, anadandaula kuti mnyamatayo sanafikepo poti n'kusewera nawo. Pa gemu yake yoyamba Capablanca anagonjetsa Bernstein, ndipo pamapeto pake anatenga malo oyamba, patsogolo pa Akiba Rubinstein ndi Milan Vidmar.

Mu 1913 boma la Cuba linamulemba ntchito ku unduna wa zakunja, ntchito yomwe inkamupatsa mpata woyenda m'maiko n'kumasewera. Chaka chotsatira, ku St Petersburg, ankatsogola bwino lomwe mpaka pomwe anagonja kwa Lasker, kenaka kwa Siegbert Tarrasch. Anamaliza wachiwiri, kutsalira ndi theka la pointi.

Kuchokera mu Febuluwale 1916, pomwe anagonja kwa Oscar Chajes, mpaka mu Malichi 1924, pomwe anagonja kwa Richard Réti, Capablanca sanaluze gemu ina iliyonse ya mpikisano. M'zaka zisanu ndi zitatu zimenezi anasewera magemu 63, napambana 40 ndi kulepherana 23. M'kati mwa nyengo imeneyi ndi momwe analanda mpando kwa Lasker, yemwe anaukhalira zaka 27. Anakumana ku Havana mu Malichi ndi Epulo 1921, ndipo Capablanca anapambana magemu anayi, kulepherana khumi, osagonjako. Mu 1922, ku Cleveland, anasewera ndi anthu 103 nthawi imodzi, akuyenda kuchoka pa bolodi ina kupita pa ina. Anapambana 102 ndipo mmodzi yekha ndiye analepherana naye.

Kaseweredwe kake

Gemu ya chess imagawidwa patatu: chiyambi, pakati, ndi mathero, pomwe zida zatsala zochepa pabolodi. Capablanca ankaphunzitsa kuti munthu aziyamba kuphunzira mathero, chifukwa ndi pomwe mphamvu ya chida chilichonse imaonekera poyera, ndipo buku lake la Chess Fundamentals la 1921 analikonza motsatira maganizo amenewo. Iye mwini ankasewera chimodzimodzi. Sankakonda kuputa chipwirikiti. Ankafunafuna kamwayi kakang'ono, monga msilikali wa mdani yemwe watsala payekha kapena mzere wotseguka, kenaka n'kumasinthanitsa zida zomwe zikanathandiza mdaniyo kudzitchinjiriza, mpaka kamwayi kaja katakula kufika poti palibenso chobweza. Woonerera ankaona ngati n'zosavuta, chifukwa ntchito yaikulu inali posankha zida zoyenera kuchotsa ndi zoyenera kusiya.

Chitsanzo chomwe chimapezeka m'mabuku ambiri ophunzitsira ndi gemu yake ndi Savielly Tartakower ku New York mu 1924. Aliyense anatsala ndi mfumu, chida chimodzi chotchedwa rook ndi asilikali angapo. Capablanca analola kuti asilikali ake awiri adyedwe, ndipo nthawi yomwe mnzakeyo ankataya powadya, iye anaigwiritsa ntchito kuyendetsa mfumu yake mpaka kukalowa m'dera la mdani. Mfumu, rook ndi msilikali mmodzi yemwe anali pafupi kufika kumapeto zinapanikiza mfumu ya Tartakower, ndipo asilikali aja anawabweza ndi chiwongoladzanja.

Ankadziwanso kudziteteza pomwe zinthu zatentha. Mu 1918 Marshall anamutchera msampha pachiyambi cha gemu, kupereka msilikali dala kuti aukire mfumu. Capablanca analandira msilikaliyo, napeza mayankho onse ali pabolodi pomwepo, n'kupambana. Njira ya Marshall ija ikuseweredwabe mpaka lero ndipo imatchedwa dzina lake.

Zofooka zake

Mphatso yomwe inamukweza ndi yomwenso inamulekerera. Poti ankaona msanga, sanazolowere kukhala pansi n'kufufuza mozama, kaya kunyumba mpikisano usanayambe kapena pabolodi. Ankadziwa zochepa za njira zatsopano zoyambira gemu poyerekeza ndi anzake, ndipo nthawi zambiri ankangodalira kuti akadutsa chiyambi bwinobwino, zotsalazo zidzilongosola zokha. Akakumana ndi munthu wamphamvu ankavomera kulepherana msanga m'malo momenya nkhondo yaitali. Ngakhale ali pampando, zizindikiro zinkaoneka: ku New York mu 1924 anakhala wachiwiri kwa Lasker, yemwe anali ndi zaka 55, ndipo ku Moscow mu 1925 anakhala wachitatu, pambuyo pa Efim Bogoljubov ndi Lasker.

Yemwe anazindikira bwino zimenezi anali Alexander Alekhine, mbadwa ya ku Russia yomwe inkakhala ku France. Iye anasanthula magemu a Capablanca imodziimodzi, ndipo pambuyo pake analemba zomwe anapeza: kuti Capablanca ankakhulupirira kwambiri ganizo loyamba kumubwerera, moti pakati pa gemu ankasankha njira yooneka yabwino osatsimikiza ngati palibe ina yoposa, komanso kuti anthu ambiri ankagonja kwa iye chifukwa cha mantha asanayesetse n'komwe. Polemba izi Alekhine anali kale pa udani ndi Capablanca, choncho ena amati anawonjezera mchere, koma zomwe zinachitika pabolodi zinamuikira umboni.

Kutaya mpando

Kumayambiriro kwa 1927 Capablanca anapambana mpikisano wa ku New York, kusiya Alekhine kumbuyo ndi mapointi awiri ndi theka. Kufikira nthawi imeneyo Alekhine anali asanamugonjetsepo ngakhale kamodzi, ndipo anthu ambiri ankaona kuti mpikisano wawo wolimbirana mpando watha usanayambe. Capablanca sanakonzekere mokwanira. Anakumana ku Buenos Aires ku Argentina kuyambira mu Seputembala mpaka mu Novembala, pa lamulo loti woyamba kupambana magemu asanu ndi limodzi ndiye ngwazi. Capablanca anagonja gemu yoyamba yomwe. Alekhine anasewera modekha, m'njira ya Capablanca yemweyo, koma ankawerengera mozama kumuposa ndipo sankatopa. Atasewera magemu 34, Alekhine anali atapambana asanu ndi limodzi, Capablanca atatu, ndipo 25 analepherana. Gemu yomaliza itaimitsidwa kuti ipitirire tsiku lina, Capablanca sanabwerenso pabolodi. Anatumiza kalata yovomereza kugonja.

Mwayi wobwezera sunapezeke. Mu 1922 Capablanca mwini anakhazikitsa malamulo otchedwa London Rules, omwe ankafuna kuti wolimbirana mpando apeze madola 10,000. Alekhine anaumirira pa ndalama zomwezo, ndipo zokambirana zawo zinkangothera m'mikangano. M'malo mwake Alekhine anasewera ndi Bogoljubov mu 1929 ndi 1934, komanso ndi Max Euwe mu 1935 ndi 1937.

Zaka zomaliza

Capablanca anapitiriza kupambana mipikisano ingapo, anapumirako kuyambira 1931, ndipo anabwereranso kumapeto kwa 1934. Chaka cha 1936 chinamuyendera bwino: anatenga malo oyamba ku Moscow, ndipo ku Nottingham anafanana mapointi ndi Mikhail Botvinnik pamwamba, atagonjetsanso Alekhine pa gemu yawo. Koma matenda othamanga magazi anali atayamba kumufooketsa. Pa mpikisano wa AVRO ku Netherlands mu 1938 anakhala wachisanu ndi chiwiri mwa anthu asanu ndi atatu. Mu 1939 anatsogolera timu ya Cuba pa mpikisano wa maiko ku Buenos Aires ndipo anapata mendulo ya golide pa bolodi yoyamba.

Madzulo a pa 7 Malichi 1942 anakomoka akuonerera gemu ku Manhattan Chess Club. Anamwalira m'mawa mwake ku chipatala cha Mount Sinai, mtsempha wa magazi utaphulika mu ubongo, ali ndi zaka 53. Anaikidwa m'manda a Colón ku Havana. Anakwatira kawiri: Gloria Simoni Betancourt mu 1921, yemwe anabereka naye ana awiri, ndi Olga Chagodaef mu 1938.

Magemu ake m'nthawi ya makompyuta

Capablanca ankaopa kuti akatswiri adzafika podziwa chess kwambiri moti magemu onse azidzathera kulepherana, ndipo anapereka ganizo la bolodi yokulirapo yokhala ndi zida ziwiri zatsopano. Mtundu umenewu umatchedwa Capablanca chess, koma sunafale. Magemu ake enieni ndi omwe anafala. Masiku ano amapezeka pa intaneti, ndipo wophunzira angathe kuwayendetsa pa foni n'kufunsa pulogalamu ngati Stockfish pomwe mbali iliyonse inaphonya. Mu 2006 Matej Guid ndi Ivan Bratko a ku University of Ljubljana anapima magemu a ngwazi za dziko lonse ndi pulogalamu ya Crafty, ndipo anapeza kuti mayendedwe a Capablanca ndiwo ankayandikira kwambiri zomwe kompyutayo inkasankha. Otsutsa kafukufukuyu amati zimenezi zinatheka mwa zina chifukwa iye ankapewa malo ovuta, momwe munthu amalakwitsa kwambiri. Ku Cuba, mpikisano womukumbukira wotchedwa Capablanca Memorial unayamba mu 1962.