Peter Cushing, bambo wamasiye amene anasewera chisoni chake m'filimu yoopsa

M'gawo la mbiri lero takutengerani mkulu wina wa ku Mangalande, Peter Cushing. Dzinali mwina ndi lachilendo, koma amene munaonera Star Wars yoyamba ija ya 1977 nkhope yawo mukuidziwa. Ndi mkulu wowonda uja, wa masaya olowa, wolamula kuti dziko lathunthu liphulitsidwe. Akuti majombo omwe anawapatsa ankawathina, ndiye mbali zambiri anajambulidwa atavala nsapato zofewa za m'nyumba, kamera ikungoonetsa kumtunda.

A Cushing anabadwa pa 26 Meyi 1913 ku Kenley, kufupi ndi London. Ali mwana ankakonda mabuku a nkhani za zithunzi komanso mafilimu. Bambo awo sankafuna zoti mwana wawo akhale wazisudzo, motero anawapezera ntchito mu ofesi yoyeza malo ya khonsolo. Anagwirako zaka pafupifupi zitatu mtima uli kwina, madzulo akuthamangira ku zisudzo. Mu 1939 anapita ku Hollywood ndi tikiti yopitira yokha, ndipo anapezako timbali ting'onoting'ono, kuphatikizapo m'filimu ya anthabwala aja Laurel ndi Hardy.

Nkhondo yachiwiri ili mkati anabwerera kwawo. Usilikali anawakana chifukwa cha thanzi, ndiye analowa gulu losangalatsa asilikali ndi zisudzo. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi Helen Beck, ndipo anakwatirana pa 10 Epulo 1943. Musaganize kuti ndalama zinkangobwera, ayi ndithu. Panali nthawi yomwe banjali linkadalira zojambula zomwe a Cushing ankapenta pa mipango ya amayi. Mayi Helen ndi amene anawalimbikitsa kulembera makalata akuluakulu a wailesi yakanema, ndipo pofika 1954 anali atatchuka pa BBC ndi sewero la Nineteen Eighty-Four.

Mbiri yawo ya mafilimu oopsa inayamba mu 1957, pomwe kampani ya Hammer inawapatsa mbali ya Frankenstein, dokotala wopanga munthu ndi ziwalo za mitembo. Chaka chotsatira anasewera Van Helsing, mlenje wa Dracula. M'mafilimu awiriwa anali ndi Christopher Lee, amene anadzakhala mnzawo wa pondapanepo mpondepo. Anthu ankawaopa pa kanema, koma omwe ankagwira nawo ntchito ankawadziwa ngati munthu waulemu, wokonda kupenta ndi kuonerera mbalame kwawo ku Whitstable, m'mbali mwa nyanja.

Panalinso kampani ina, Amicus, ya Milton Subotsky ndi Max Rosenberg. Iyi inali ndi kapangidwe kakekake: filimu imodzi, koma mkati mwake nkhani zinayi kapena zisanu. Mukudziwa momwe agogo amachitira pamoto usiku, nthano ikatha ina n'kuyamba, ndipo m'nthano iliyonse wadyera kapena wankhanza amakolola zomwe anafesa. Mafilimuwa ali choncho. A Cushing anaonekera mwa angapo, kuyambira Dr. Terror's House of Horrors ya 1965.

Awiri mwa mafilimu a Amicus, Tales from the Crypt ya 1972 ndi The Vault of Horror ya 1973, anachokera m'mabuku a nkhani za zithunzi a ku America a kampani ya EC Comics, ya William Gaines. Mabukuwa anavuta kwambiri m'ma 1950. Makolo ndi andale ankati akuononga ana, mpaka ku Britain mu 1955 anakhazikitsa lamulo loletsa mabuku oopsa otere. Patapita zaka 17, nkhani zomwezo zinalowa m'nyumba zoonetsera mafilimu.

Apa ndi pomwe moyo wa a Cushing unakumana ndi filimu. Mayi Helen anadwala matenda a m'mapapo kwa nthawi yaitali, ndipo anamwalira pa 14 Januwale 1971. Ana analibe. A Cushing anasweka mtima, anawonda, anakalamba msanga, ndipo ankangolandira ntchito motsatizana kuti asakhale okha ndi maganizo. Opanga Tales from the Crypt atawapatsa mbali ina, iwo anapempha kuti asewere Arthur Grimsdyke, bambo wamasiye wa m'nkhani yachitatu.

Grimsdyke ndi nkhalamba yosauka, yotola zinyalala. Amakonza zidole zotayidwa n'kumapatsa ana a m'dera lake, amaweta agalu, ndipo usiku amayankhula ndi chithunzi cha malemu mkazi wake, dzina lake Helen. Moyang'anana naye mukukhala anthu achuma, bambo ndi mwana wake wamwamuna, omwe akuona kuti kanyumba ka mkuluyu kakunyazitsa dera. Ndiye mnyamatayo ayamba chiwembu. Achititsa kuti agalu alandidwe, ntchito imuthere, kenako anong'oneza makolo kuti mkuluyu ndi woopsa kwa ana. Ana asiya kubwera. Pa tsiku la Valentine amutumizira makhadi achipongwe ambirimbiri ngati achokera kwa anthu onse a m'deralo, ndipo mkuluyo adzipha. Pakutha chaka adzuka kumanda kudzatenga mtima wa mnyamata uja.

Ambiri omwe anaonera filimuyi, yomwe anatsogolera Freddie Francis, amati mbali imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zabwino koposa za a Cushing. Chomwe chimakhudza anthu si mtembo woyenda uja kwenikweni, koma nkhope ya mkuluyo pomwe akuwerenga makhadi aja mmodzimmodzi. Ndi munthu wofedwa zenizeni amene akusewera munthu wofedwa.

Tsono abale, nkhaniyi ndi ya ku Mangalande kokha? Gogo wokhala yekha, woyankhula yekha chifukwa cha chisoni, wokhala pamalo pomwe ena akupasirira, kwathu kuno timamutcha dzina lanji? Mukulidziwa. Zimayamba ndi manong'onong'o pa mjigo, kenako ana aletsedwa kupita kwa agogowo, kenako wina akadwala chala chiloza komweko. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira kuti ndi omwe anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Ndipo nthawi zambiri otola miyala pa zinthu zotere amakhala achinyamata a misinkhu yathu yomweyi. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. M'filimu wolakwiridwa amadzuka kudzabwezera, koma kuno agogo akapita apita, otsala ndi ife ndi manyazi athu.

A Cushing anakhala zaka 23 akazi awo atamwalira, ndipo sanakwatirenso. Mu 1982 anawapeza ndi khansa, koma anakhala nayo zaka zina 12. Mu 1989 analandira ulemu wa OBE kuchokera kwa Mfumukazi, ndipo pali duwa la rozi lomwe linatchedwa Helen Cushing iwo atapempha. Anamwalira pa 11 Ogasiti 1994 ku Canterbury ali ndi zaka 81.

Amene muli ndi bandulo isakeni Tales from the Crypt ya 1972, koma tiana tisaonere nawo, muli magazi. Mukatha, ganizirani gogo mmodzi wa m'mudzi mwanu amene ana anasiya kupitako. Loweruka likubwerali mukamutungire madzi, mukamuwazire nkhuni, mukhale pansi mucheze naye. Tiuzeni pa msonkhano wa kalabu momwe mwayendera.