Kalonga Gong, Amene Anasenza Manyazi a China

M'mwezi wa October chaka cha 1860, pamene asilikali a Britain ndi France anafika pa zipata za mzinda wa Beijing, Mfumu Xianfeng inali itathawira kale kumpoto, ku Rehe. M'mbuyo inasiya mphwake, Yixin, wodziwika ndi dzina la ulemu lakuti Kalonga Gong, kuti aonane ndi adaniwo. Iye anali mnyamata wa zaka 27 zokha.

Yixin anabadwa m'chaka cha 1833, mwana wamwamuna wachisanu ndi chimodzi wa Mfumu Daoguang. Ambiri ankamuona kuti ndi wanzeru kuposa mkulu wake, koma ufumu unamlambalala m'chaka cha 1850. Tsono ntchito yaikulu yoyamba imene inamgwera inali yowawa ndithu. Asilikali a Britain atatentha nyumba zachifumu za Yuanmingyuan, iye anasaina pangano lopereka chigawo cha Kowloon kwa Britain, kutsegula doko la Tianjin ndi kulipira siliva wochuluka. Mwezi wotsatira anaperekanso kwa Russia dziko la kum'mawa kwa mtsinje wa Ussuri.

Munthu wina akadangosunga mangawa. Kalongayu anazindikira kuti China inagonja chifukwa chosadziwa anthu amene inkalimbana nawo. M'chaka cha 1861 anakhazikitsa Zongli Yamen, ofesi yoona za maiko akunja, chinthu chachilendo mu ufumu umene unazolowera kuyesa mafumu ena onse ngati opereka mtulo. Chaka chotsatira anatsegula sukulu ya Tongwen Guan yophunzitsa zinenero za ku Ulaya. Pamene anafuna kuonjezapo masamu ndi maphunziro a zakuthambo, nduna yokalamba Woren inamtsutsa kolimba, poona kuti n'kunyazitsa makolo kuphunzira kwa alendo. Kalonga sanabwerere m'mbuyo. Analolanso kuti Robert Hart, wochokera ku Ireland, ayang'anire msonkho wa pa madoko kuyambira 1863, ndipo ndalama zinayamba kufika m'thumba la boma mokhulupirika.

Koma mphamvu zochitira zonsezi anazipeza pa njira imene inadzamtsamwitsa. Mfumu Xianfeng itamwalira m'chaka cha 1861, iye anagwirizana ndi akazi awiri amasiye, Ci'an ndi Cixi, nagwetsa nduna zisanu ndi zitatu zimene zinaikidwa kulera mfumu yaing'ono. Mtsogoleri wao, Sushun, anadulidwa mutu. Mlamu wake Cixi sanafune mnzake pa ulamuliro. M'chaka cha 1865 anamlanda udindo wa mlangizi wamkulu wa ufumu, kumsiyira ntchito koma kumchotsera ulemu. M'chaka cha 1884, nkhondo ndi France itavuta, anamchotseratu pamodzi ndi nduna zinzake zonse za bwalo lalikulu.

Zaka khumi anakhala phee. Anamkumbukira m'chaka cha 1894, Japan itayamba kugonjetsa China, koma madzi anali atafika kale m'khosi, ndipo iye anali wodwaladwala. Chaka chotsatira chilumba cha Taiwan chinapita m'manja mwa Japan.

Anamwalira pa 29 May 1898, kutatsala masabata awiri kuti Mfumu Guangxu iyambe kusintha zinthu mwaliwiro, ntchito imene Cixi anaithetsa patangopita masiku ngati 100. Ufumu wa Qing unatha m'chaka cha 1912. Sukulu yake ya zinenero inaphatikizidwa m'chaka cha 1902 ndi sukulu yaukachenjede imene lero ndi Peking University, ndipo nyumba yake ku Beijing tsopano ndi malo osungirako mbiri yakale.