Alan Hart: dokotala wa TB amene miseche inkamusamutsa pantchito

Mwina munazionapo galimoto zija zojambula m'chifuwa zimene zimayendayenda kusaka odwala TB. Mmodzi mwa madokotala oyambirira kulimbikitsa njira yotere ku America anali Alan Hart, munthu amene kwa zaka zambiri ankasowa pokhazikika chifukwa cha pakamwa pa anthu.

Hart anabadwa mu 1890 ku Kansas ndipo anakulira ku Oregon. Anabadwa ndi thupi la mkazi, koma kuyambira ali mwana ankadzidziwa kuti ndi mwamuna. Masiku ano anthu otere amatchedwa transgender. Atamaliza maphunziro a udokotala ku Portland mu 1917, anakaonana ndi Dr Joshua Gilbert, anachitidwa opaleshoni yochotsa chiberekero, n'kuyamba kukhala moyo wake ngati bambo.

Chintchito chinali kuntchito. Pachipatala china ku San Francisco, munthu amene anaphunzira naye anamuzindikira. Mu 1918 nkhani ija inatuluka m'manyuzipepala, ntchito n'kuthera pomwepo. Anasamukira ku Gardiner, katauni ka ku Oregon, koma nakonso sanakhalitse, zinamvekanso. Ulendo wa ku Montana. Kusamukasamuka kumeneku kunasokoneza ndalama ndi banja lomwe, moti ukwati wake ndi Inez Stark unatha mu 1925. Chaka chomwecho anakwatira Edna Ruddick, amene anakhala naye mpaka imfa.

Nthawi imeneyo TB inali pakati pa matenda opha anthu ambiri ku America, ndipo mankhwala ake enieni kunalibe. Hart anaphunzira za X-ray pa University of Pennsylvania, n'kumaliza mu 1928. Mfundo yake inali yosavuta: jambulani anthu m'chifuwa asanayambe kutsokomola magazi, apezeke msanga, apatulidwe, asapatsire ena. Anagwira ntchito imeneyi ku Idaho, kenako ku Connecticut atatenga digiri ina ku Yale mu 1948. Analembanso mabuku a nthano anayi ndi lina lofotokozera anthu wamba za X-ray. Anamwalira pa 1 July 1962 ndi matenda a mtima.

Tangoganizani: munthu waluso chonchi, chimene chinkamuchotsa pachipatala sichinali kulephera ntchito ayi. Chinali choti wina wadziwa mbiri yake, basi, n'kuona kuti ndi nkhani yokoma kufalitsa. Hart sanapatsidwe mpata wosankha yekha woti amuuze, liti, komanso motani.

Iye uja miseche inkamupeza kudzera m'nyuzipepala. Lero chithunzi chimodzi chakale chikaponyedwa pa gulu la WhatsApp la kuofesi, pofika nkhomaliro aliyense wadziwa. Mutha kukhala ndi maganizo anu pa nkhani za transgender, koma mbiri ya thupi la mnzanu wakuntchito mwini wake ndi iyeyo. Musanadine batani lotumiza, dziwani kuti chimene mukuseweretsacho ndi malipiro a munthu, lendi yake, ndi anthu onse amene akanawathandiza akanakhala pantchitopo.