Clara Schumann: Mayi amene adalera ana ndi zala zake

Pamene mwamuna wake adamwalira pa 29 Julayi 1856, Clara Schumann adali ndi zaka 36 ndipo adatsala ndi ana asanu ndi awiri. Chuma chodalira padalibe. Chimene adali nacho ndi luso loimba piyano, ndipo ndi luso lomweli adadyetsa banja lake kwa zaka zina 35, pa nthawi imene anthu ambiri ku Ulaya ankaona ngati malo a mayi wokwatiwa ndi pakhomo basi.

Clara adabadwa pa 13 Seputembala 1819 mumzinda wa Leipzig m'dziko la Germany. Bambo ake, a Friedrich Wieck, adali mphunzitsi wa piyano, pomwe mayi ake, a Marianne, adali woimba. Banjali lidatha Clara ali ndi zaka zisanu, ndipo mwanayo adatsala m'manja mwa bambo ake. A Wieck adali munthu wovuta mtima koma wodziwa ntchito yake, ndipo ankamuphunzitsa tsiku ndi tsiku mwadongosolo. Mu 1828, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikanayu adaimba koyamba mu holo yotchuka ya Gewandhaus ku Leipzig. Patangopita zaka zochepa adafika ku Paris, ndipo mu 1838 mfumu ya dziko la Austria idamupatsa ulemu waukulu umene oimba ankalandira mumzinda wa Vienna.

Iye ankapekanso nyimbo zake. Mu 1835, ali ndi zaka 16, adaimba nyimbo yaitali imene adapeka yekha ya piyano ndi gulu lalikulu la zoimbira, ndipo amene ankatsogolera gululo adali katswiri Felix Mendelssohn.

Mkangano ndi bambo ake udabuka chifukwa cha mmodzi mwa ophunzira awo, Robert Schumann, yemwe ankamuposa Clara ndi zaka zisanu ndi zinayi. Awiriwa atagwa m'chikondi, a Wieck adakanitsitsa ukwatiwo. Iwo ankati mnyamatayo alibe ndalama zosamalira banja, komanso ankaopa kuti ntchito ya mwana wawo ithera pomwepo. Nkhaniyo idakafika kukhoti, ndipo oweruza adagamula mokomera achinyamatawo. Ukwati udachitika pa 12 Seputembala 1840, kutangotsala tsiku limodzi kuti Clara akwanitse zaka 21.

Mantha a bamboyo sadali opanda pake. Robert akamapeka nyimbo ankafuna bata m'nyumba, choncho Clara ankasowa mpata woyeserera piyano. Ana adabadwa asanu ndi atatu, mmodzi n'kumwalira ali wakhanda. Ngakhale zidali choncho, iye sadasiye kuimba. Mu 1844 adakaimba m'mizinda ya ku Russia, ndipo mu 1845 ku Dresden adakhala woyamba kuimbira anthu nyimbo yaikulu ya piyano imene mwamuna wake adapeka. Mu Meyi 1849, kutabuka zipolowe mumzinda womwewo, adathawitsa Robert, kenako n'kubwerera ali woyembekezera kukatenga ana amene adatsalira.

Thanzi la Robert lidali lofooka. Mu Febuluwale 1854, matenda a m'maganizo atamukulira, adadziponya mumtsinje wa Rhine ku Düsseldorf. Anthu adamuvuula ali moyo ndi kumutengera kuchipatala cha ku Endenich, pafupi ndi Bonn. Madokotala adaletsa Clara kukamuona kwa zaka zoposa ziwiri, ndipo adamulola kutatsala masiku awiri kuti mwamunayo amwalire. Pa nthawi yovutayi amene adamugwira mkono adali Johannes Brahms, mnyamata wopeka nyimbo yemwe adadziwana ndi banjali mu 1853. Ubwenzi wawo udakhalapo kufikira imfa.

Umasiye udamubwezera pamsewu. Ana adawagawa kwa achibale ndi kusukulu zogonera komweko, iye n'kumayenda mzinda ndi mzinda. Ku England adapitako koyamba mu 1856 ndipo adabwererako kambirimbiri mpaka 1888. Nthawi zambiri ankaimba limodzi ndi Joseph Joachim, katswiri wa vayolini. Mtengo wa moyo woterewu udali wowawa. Ana adakula mayi awo ali kutali, ndipo iye adaika m'manda mwana wake wamkazi Julie mu 1872, Felix mu 1879 ndi Ferdinand mu 1891. Mwana wina, Ludwig, adakhala zaka zambiri m'chipatala cha odwala maganizo. Clara adasenzanso udindo wosamalira ana a Ferdinand.

M'maulendo amenewa adasintha kaimbidwe ka piyano pagulu. Oimba ambiri a nthawiyo ankakonda nyimbo zongoonetsera kuthamanga kwa zala, koma iye ankasankha nyimbo zozama za Bach, Beethoven, Chopin, Brahms ndi za mwamuna wake. Adali mmodzi mwa oyamba kuimba pamtima, osayang'ana papepala, mwambo umene oimba piyano amatsatira mpaka lero. Nyimbo za Robert zidamveka ku Ulaya konse makamaka chifukwa choti mkazi wake ankaziimba mosatopa, ndipo pambuyo pake adazisonkhanitsa kuti zisindikizidwe pamodzi. Kupeka kwake komwe kudatsala pang'ono kutheratu Robert atamwalira.

Kuyambira 1878 mpaka 1892 adaphunzitsa piyano pasukulu ya zoimbaimba ya Hoch ku Frankfurt, komwe kunkabwera ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana. Phwando lake lomaliza la maimbidwe lidachitikira mumzinda womwewo pa 12 Malichi 1891, ali ndi zaka 71. Adamwalira pa 20 Meyi 1896 ndipo adaikidwa ku Bonn, pambali pa mwamuna wake. Patapita zaka pafupifupi 100, dziko la Germany lidaika nkhope yake pa ndalama yapepala ya 100 Mark, imene idagwira ntchito mpaka kudabwera ndalama ya euro.